Chiliza cha amayi ndi tsamba loyamba la Baibulo

Abale anga, sabata ino ndiloleni ndikuuzeni nkhani ya kwathu. Ndi nkhani ya pabanja, yoti ena akanati tiikwirire m'nyumba momwemo, koma ndikudziwa kuti ambiri mwa inu munakumanapo nayo, kaya pa maliro, kaya pa ukwati, kaya pa gulu la WhatsApp la pachibale.

Amayi anatisiya chaka cha dzana. Chaka chitatha tinagwirizana kuti timange chiliza kumudzi ku Dedza, ndipo ine ndinakapereka dzina lawo kwa ansembe kuti tsikulo kukhale Misa yowapempherera. Kwathu ndife Akatolika kuyambira pa agogo. Nditalemba za Misayo pa gulu lathu la pachibale, onse anavomera kupatula achimwene athu aakulu, achisamba, amene analowa mpingo wina wachipentekosite zaka 7 zapitazo. Iwo analemba mwachidule: "Simenti ndigula ndine, koma ku Misa kwanuko sindibwera. Zopempherera akufa mulibe m'Baibulo. Imeneyo ndi miyambo ya anthu. Kawerengeni Marko 7."

Pagulupo panangoti zii. Ine mtima unandiwawa, ndipo sikuti chifukwa cha Misa yokhayo ayi. Ndinamva ngati akunena kuti amayi, amene ankadzuka tambala woyamba kupemphera kolona asanapite kudimba, anathera moyo wawo wonse pa zachabe. Amayi sukulu analekeza Sitandade 2. Baibulo sankatha kuliwerenga okha. Koma nkhani ya Yosefe ndi abale ake, ya Rute, ya mwana wolowerera, ankazifotokoza bwino kuposa ife opita kusukulufe. Anazitenga kuti? Anazimva. Wina anawauza, iwonso n'kutiuza ife tili pamphasa madzulo.

Choyankha ndinalibe. Bible Knowledge ndinalemba pa Fomu 4, koma paja tinkangoloweza kuti tikhoze mayeso. Ndiye mawa lake masana, makasitomala atachepa, ndinakhala pa benchi yanga kumsika n'kutsegula Marko 7 pa foni. Ndisakunamizeni, ndinkafuna ndipeze pamene achimwene aphonya. Ndinapeza kuti sananame. Yesu akudzudzuladi Afarisi chifukwa chokweza mwambo wa makolo awo pamwamba pa lamulo la Mulungu. Koma inu mukatumiziridwa vesi, muziwerenga mpaka pansi. Chitsanzo chimene akupereka pamenepo ndi cha munthu amene akanatha kuthandiza bambo ndi mayi ake, koma walengeza kuti chuma chakecho wachipatulira Mulungu, basi makolo n'kumagona ndi njala mwambo ukumuikira kumbuyo. Mwambo umene Yesu akuukana ndi umene ukumupatsa munthu pothawira udindo wake.

Moyang'anizana ndi benchi yanga pali adala ena amene amagulitsa mabuku akale ndi makope. Anali aphunzitsi, ndi mkulu wa mpingo ku CCAP, ndipo tonse mumsika timangowaitana kuti aphunzitsi. Atandiona nditagwira tsaya m'malo moitanira malonda, anandifunsa. Ndinawafotokozera zonse. Anaseka pang'ono n'kunena kuti: "Mwana wanga, ndikuuziretu. Ine sindipempherera akufa, mpingo wathu sutero. Pamenepo ine ndi achimwene akowo tili mbali imodzi. Koma akamati iwo alibe mwambo, ali ndi Baibulo lokha, pamenepo ndiye ndikana."

Ananditsegulira 2 Atesalonika 2:15, pamene Paulo akuuza Akhristu kuti agwiritsitse zimene anawaphunzitsa, kaya ndi pakamwa kaya ndi m'kalata. Anandiuza kuti m'Chigiriki liwu limene lili pamenepo ndi lomwe lija lili pa Marko 7, lotanthauza chinthu chopatsirana. Liwu limodzi, kwina likudzudzulidwa, kwina likulamulidwa. Kenako anatola Buku Lopatulika lakale lothothoka chikuto n'kundipatsa. "Tsegula tsamba loyamba, pali mndandanda wa mabukupo. Tsopano undipezere vesi imene ikunena kuti mabuku a m'Baibulo akhale amenewa, osaonjezera, osachotsa."

Inunso yesani. Vesi imeneyo kulibe.

Kuyambira tsiku limenelo, kwa milungu ingapo, ndinkabwereka mabuku pa tebulo lawo n'kumawerenga uku ndikusankha nyemba. Zimene ndinapeza ndi izi, ndipo ndikuzilemba monga munthu wamba amene wadabwa, osati ngati mbusa.

Yesu sanasiye buku. Anasiya anthu. Makalata oyambirira a Paulo analembedwa cha m'ma 50, patapita zaka pafupifupi 20 Yesu atapachikidwa, ndipo mabuku a Uthenga Wabwino anabwera pambuyo pake. Ndiye kuti kwa zaka zonsezo Akhristu ankabatiza, ankanyema mkate, ankalalikira, ena mpaka kuphedwa, alibe ngakhale tsamba limodzi la Chipangano Chatsopano. Anali ndi Malemba a Ayuda ndi zimene anamva kwa atumwi. Ankakhala ngati amayi anga: kumva, kusunga, kupatsira.

Mabukuwo atalembedwa, sanabwere atasokedwa pamodzi. Mpingo wa uku unali ndi ena, wa uko unali ndi ena. Ena ankakayikira Chivumbulutso, ena kalata ya kwa Ahebri, ena ya Yakobo ndi yachiwiri ya Petro. Kwina ankawerenga m'mapemphero mabuku amene lero sitiwadziwa n'komwe. Mndandanda wakale kwambiri umene ulipo wotchula ndendende mabuku 27 a Chipangano Chatsopano amene tili nawowa uli m'kalata ya Pasaka imene Athanasius, bishopu wa ku Alexandria m'dziko la Egypt, analemba m'chaka cha 367. Kenako mabishopu anakumana ku Hippo mu 393 ndi ku Carthage mu 397 n'kuvomereza mabuku omwewo. Hippo ali ku Algeria wa lero, Carthage ku Tunisia. Eya, muno mu Africa momwe. Ankasankha bwanji? Ankafunsa kuti bukuli likuchokera kwa atumwi kapena kwa anthu amene anayenda nawo? Kodi mipingo yakhala ikuliwerenga kuyambira kale? Kodi likugwirizana ndi chikhulupiriro chimene tinalandira? Taonani mafunsowo. Onse akuloza ku zimene anapatsiridwa.

Nanga za akufa zija? Apa ndiye ndinazindikira kuti ine ndi achimwene sitinkakangana za yemwe amawerenga Baibulo ndi yemwe saliwerenga. Tinanyamula Mabaibulo osiyana kukula. La achimwene lili ndi mabuku 66. Langa lili ndi 73. La Akhristu a Orthodox a ku Ethiopia amaliwerengera mabuku 81. Mwa mabuku 7 amene ali mwanga koma mwa achimwene mulibe, muli Tobiti, Yuditi ndi awiri a Amakabeo, ndipo pa 2 Amakabeo 12 pali nkhani ya mtsogoleri wa nkhondo amene anasonkhetsa ndalama kuti ansembe apereke nsembe chifukwa cha asilikali ake amene anafa. Mkangano wa mabuku amenewa sunayambe dzulo. Cha m'ma 400, Jerome, amene anamasulira Baibulo m'Chilatini, ankakonda mndandanda waufupi wa Chiheberi, pamene Augustine wa ku Hippo ankagwira wautaliwo. Martin Luther, m'Baibulo lake la Chijeremani la 1534, anawaika paokha pakati pa zipangano ziwiri, kuti ndi abwino kuwerenga koma osafanana ndi Malemba enawo. Akatolika pa msonkhano wa ku Trent mu 1546 anatsimikiza kuti ndi Malemba. Choncho achimwene akamati mulibe m'Baibulo, akunena zoona za Baibulo limene anapatsidwa. Ine ndikamati zilimo, ndikunena zoona za limene ndinapatsidwa. Palibe mwa ife amene anasankha yekha mabukuwo.

China chinandigwira mtima. Tertullian, Mkhristu wa ku Carthage, polemba cha m'ma 200, anatchula zinthu zimene Akhristu a nthawi yake ankachita, kuphatikizapo kupereka nsembe chaka ndi chaka pokumbukira akufa ndi kudzilemba chizindikiro cha mtanda pamphumi. Ndipo anavomera poyera kuti lamulo lake lolembedwa simungalipeze, zimachokera ku mwambo. Monica, mayi ake a Augustine, akumwalira mu 387 ku Ostia, kutali ndi kwawo, anauza ana ake kuti asavutike ndi koika thupi lake, chachikulu azimukumbukira paguwa la Ambuye. Nditawerenga pamenepo ndinalira pa benchi pomwepo, chifukwa amayi nawonso anatiuza zofanana nazo ali m'chipatala. Aphunzitsi anadikira kuti ndipukute misozi, kenako anati: "Waona kuti n'chakale. Koma ukale si umboni woti chinthu n'cholondola. Ugwire zonse ziwiri."

Mwina mukuti, chabwino, mndandanda tinalandira, koma kuwerenga ndimawerenga ndekha, Mzimu n'kumandiunikira. Inenso ndimakhulupirira kuti Mzimu amaunikira. Koma tamvani izi. Cha m'ma 320, wansembe wina wa ku Alexandria dzina lake Arius ankaphunzitsa kuti Mwana wa Mulungu analengedwa, sali wofanana ndi Atate. Sanali munthu wosadziwa Malemba. Anali ndi mavesi ake, monga Yohane 14:28 ndi Miyambo 8. Omutsutsa analinso ndi awo, monga Yohane 1 ndi Yohane 10:30. Vesi kuno, vesi uko, ngati mmene zimakhalira m'minibasi alaliki awiri akakumana. Mu 325 mabishopu anasonkhana ku Nicaea, m'dziko la Turkey la lero, ndipo kuti athetse nkhaniyo anagwiritsa ntchito liwu lachigiriki limene m'Baibulo mulibe, lotanthauza kuti Mwana ndi Atate ali ndi umulungu umodzi. Anatsamira pa Malemba, komanso pa mmene mpingo unkabatizira ndi kupembedzera Yesu kuyambira pachiyambi. Liwu lakuti Utatu nalonso simungalipeze m'Baibulo. Koma achimwene amakhulupirira Utatu Woyera ndi mtima wonse, ndipo akamawerenga Yohane 14:28 samaganiza ngati Arius. Chifukwa chiyani? Anthu amene sawadziwa n'komwe mayina anawalambulira kale njira.

Ngakhale "Marko 7" amene ananditumizira uja. Marko sanalembe manambala. Mitu imene timagwiritsa ntchito imati inagawidwa ndi Stephen Langton wa ku England kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1200, ndipo manambala a mavesi a Chipangano Chatsopano anawaika ndi wosindikiza mabuku Robert Estienne mu 1551. Nanga Chichewa chimene timawerengachi? Buku Lopatulika linatuluka mu 1922, Malembo Oyera a Akatolika mu 1966, Buku Loyera mu 1998. Omasulira anachita kusankha mawu. Pamene Buku Lopatulika likuti Yehova, Buku Loyera likuti Chauta. Ndipo Mulungu, Chauta, Namalenga, ndi mayina amene makolo athu ankaitana popempha mvula amishoni asanaponde dziko lino. Tikagwada n'kunena kuti Mulungu, tikubwereka pakamwa pa agogo.

Pa Machitidwe 8 pali nduna ya ku Ethiopia imene inkawerenga Yesaya m'galeta. Buku inali nalo, kuwerenga inkatha, koma Filipo ataifunsa ngati ikumvetsa, inavomera kuti payokha singathe popanda woitsogolera. Munthu wamkulu, wosunga chuma cha mfumukazi, koma sanachite manyazi.

Tsopano ndisadzikometse. Ndikalekera pamenepa muziti ndapambana mlandu, pamene sizili choncho. Achimwene sanachoke mumpingo mwathu chifukwa cha nyimbo za gitala. Tinali ndi azakhali amene anakwatiwa ndi mwamuna wa mitala. Kwa zaka zoposa 30 sankalandira Ukaristia, koma Lamulungu lililonse ankakhala kumbuyo m'tchalitchi, ndipo pa maliro alionse a m'mudzi ndiwo ankayamba kufika pamoto n'kumaliza kutsuka miphika. Atamwalira, akuluakulu a tchalitchi chathu chakumudzi anati malamulo salola, maliro awo sayimbiridwa. Tinawanyamula mwakachetechete ngati tikukataya chinthu chakuba. Achimwene anali nawo kumanda kuthandiza adzukulu. Atabwerako sanadye, ndipo chaka chisanathe anali atachoka. Mukandifunsa lero ngati Marko 7 ankanena za tsiku limenelo, ndikuyankhani kuti inde. Tsiku limenelo mwambo unatipatsa pothawira chifundo.

Ndipo si zokhazo. Luther atadzudzula mu 1517 zoti anthu azipereka ndalama kuti achepetsere chilango abale awo akufa, sanalakwe. Ine wogulitsa ndimadziwa malonda ndikawaona. Kumudzi nakonso, kulanda katundu wa mayi wamasiye ndi kusasa fumbi ankaziteteza ndi mawu omwewo akuti ndi mwambo wathu, tinaupeza. Zakale zina ndi mbewu, zina ndi anankafumbwe.

Koma mpingo wa achimwene nawonso uli ndi zake. Pa 31 December amachezera kutchalitchi kudikira chaka chatsopano. Amaitana anthu kutsogolo kuti abwereze pemphero lolandira Yesu. Abusa awo amawatchula mwanjira yakeyake, ali ndi mafuta odzozera, ali ndi kapempheredwe kawo koti mlendo akalowa amadziwiratu kuti pano m'posiyana. Sindikunyoza, zina mwa izo n'zabwino ndithu. Ndikungoti imeneyonso ndi miyambo, kungoti ndi yaing'ono msinkhu. Ndipo mwambo woopsa kwambiri ndi umene mwini wake sakuudziwa kuti ndi mwambo, chifukwa sauyesa. Amangoti ndi mmene Baibulo likunenera.

Ife a mumsika timadziwa kuti aliyense amalumbira kuti sikelo yake ndi yolondola. Sikelo siidziyesa yokha. Kasitomala wochenjera amabwera ndi paketi ya shuga ya 1 kg n'kuika pamenepo, ndiye chilungamo chimaoneka. Kamvedwe kanga ka vesi ndi sikelo yanga. Ndikapeza tanthauzo limene Akhristu onse a zaka 2,000 sanalionepo, ndiyambe ndadzikayikira ndekha ndisanatsegule mpingo. Koma nawonso mwambo uyenera kukwera pa sikelo ya Malemba. Ukapezeka kuti ukupondereza wamasiye, ukunyazitsa wakufa, ukulemeretsa mlaliki, utsike, ngakhale utakhala ndi imvi.

Kutatsala milungu iwiri kuti tikaonetse chiliza, ndinanyamula nyemba ndi mtedza n'kupita kwa achimwene. Ndinawafotokozera za 367, za Nicaea, za mabuku 66 ndi 73. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati: "Chemwali, mbiri yakoyo ndaimva. Koma mbiri siipulumutsa munthu. Amayi ngati anapulumuka, anapulumuka ali moyo. Misa yako siwonjezera kanthu."

Ndinati: "Mwina mukunena zoona, achimwene, zimenezo akudziwa ndi Mulungu. Koma tandiuzani, dzina la Yesu munayamba kulimva pakamwa pa ndani?"

Anakhala chete nthawi yaitali. Alamu analowa ndi tiyi, n'kutulukanso osalankhula. Kenako achimwene anati: "Nanga azakhali aja?" Ndinati: "Tinawalakwira. Ndipo dzina lawo ndikalipereka limodzi ndi la amayi." Sanayankhe. Anangofunsa kuti simenti ikufunika matumba angati.

Tsikulo anabwera. M'tchalitchi sanalowe. Misa yonse anakhala panja pansi pa mtengo, Baibulo lawo lili pamwendo. Ansembe atatchula dzina la amayi ndi la azakhali, sindikudziwa ngati anamva. Koma titafika kumanda, atachotsa nsalu pa chiliza, amalume anawapempha monga achisamba kuti alankhule. Anatsegula 1 Akorinto 15, mutu wa kuuka kwa akufa, n'kuyamba kuwerenga kuchokera pachiyambi. Mukakhala ndi nthawi kaoneni vesi 3. Paulo asananene chilichonse cha kuuka, akuyamba ndi kuwauza kuti zimene anawapatsa ndi zimene iyenso analandira. Achimwene atafika pamenepo mawu anawathina pakhosi. Anaima, anayang'ana chiliza, kenako anapitiriza mpaka kumapeto.

Sitinagwirizane, musaganize choncho. Mpaka lero iwo sapempherera akufa, ine ndimapempherera. Pa gulu lathu la pachibale mavesi amabwerabe m'mawa uliwonse. Kusiyana kwake n'kwakuti sanalembenso kuti za amayi zinali za anthu chabe, ndipo ine ndinasiya kuwaona ngati munthu amene anataya kwawo.

Pobwerera ndinatenga kamtsuko ka amayi kamene ankasungiramo mbewu ya nyemba yosakaniza ndi phulusa. Mbewu imeneyo anaipeza kwa agogo. Chaka chilichonse mvula isanagwe ankaikhuthulira m'lichero, n'kusankha imodziimodzi, zofumbwa kutaya, zabwino kubzala. Sankataya mtsuko wonse chifukwa cha zofumbwazo, komanso sankabzala zonse poti n'za agogo. Chaka chino ndasankha ndi mwana wanga wamkazi, wa zaka 9. Ali mkati mosankha anandifunsa kuti: "Amayi, Baibulo analemba ndani?" Ndinamuuza kuti asendere pafupi, nkhani yake ndi yaitali.